Wometa Anzake Wametedwa

Lolemba, 6 Meyi

Andigoneka! Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikudikira tsiku limeneli, ndipo lero ndili pa bedi 9, wodi ya amuna, pafupi ndi windo. Anthu amalowa m'chipatala nkhope zili khuma, koma ine ndalowa mano ali pamtunda ngati mkwati, mpaka mlonda wa pageti anandifunsa ngati ndabwera kudzazonda wodwala.

Ndilembe bwinobwino kuti ndisadzaiwale. M'mutu mwanga, mbali ya kumanzere, muli chotupa chachikulu ngati dzira la nkhunda. Adokotala akuti sichikuoneka ngati khansa, koma chikupanikiza malo amene amalamulira dzanja lamanja. N'chifukwa chake dzanjali limanjenjemera ndipo zala zitatu zinachita dzanzi. Ine ndine wometa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri mashini ali m'dzanja limeneli, koma chichokereni Seputembala sindinamete munthu. Womaliza ndinamulimira msewu pakati pa mutu, mawa lake akukafunsidwa mafunso a ntchito. Sanakalipe n'komwe, anangoti, "Bambo, pitani kuchipatala." Dzanjali likapanda kubwerera, ntchito ina ine sindiidziwa.

Ndikulemba ndi lamanzere, zilembo zake ngati papalasa nkhuku. BP 138/86. Atenga magazi timabotolo titatu. Opaleshoni Lachisanu.

Lachiwiri, 7 Meyi

Aneba ndawadziwa. Pa bedi 8 pali Adalaivala, oyendetsa thiraki, anagwa kuchokera pamwamba pa katundu akumanga tenti. Iwo anawang'amba kale sabata yatha, mutu uli mpala, ulusi wayenda kuchoka pamphumi mpaka kukhutu ngati zipi ya chikwama. Pakamwa pokha ndiye sanawasoke, amalankhula kuyambira tiyi mpaka tiyi.

Atangoona tsitsi langa anakuwa, "Anamwino, bweretsani makwerero, muli mazira umo!" Basi dzina landikanirira, wodi yonse ikuti a Chisa.

Sindikuwadandaula. Afulo yangayi, chitsitsi chofufuma ngati chisa, ndi chikwangwani cha shopu. Munthu akasochera pamsika amamuuza kuti, "Pitani kwa watsitsi uja," ndipo amafika. Sinakhudzidwepo ndi lezala chiyambireni ntchito.

Pa bedi 10 pali Aphunzitsi, opuma ntchito, zaka 67. Imvi zokhazokha, zopesedwa bwino, mzere wowongoka kumanzere, chipeso m'thumba la malaya ogonera. Nawonso ndi chotupa. Akhala muno masabata atatu. Koyamba opaleshoni inalephereka chifukwa BP inakwera, kachiwiri anakana okha ali pakhomo la fiyeta, chipinda cha opaleshoni. Salankhula zambiri, koma akuti galamala ya Adalaivala ikuwadwalitsa kuposa chotupacho.

Chakudya: phala m'mawa, mpunga ndi nyemba masana. Mapiritsi awiri ochepetsa kutupa, limodzi loletsa kukomoka.

Lachitatu, 8 Meyi

Sikani ina yojambula m'mutu. Anandilowetsa m'chimphanga chaphokoso chija mphindi makumi atatu, osagwedezeka. Kenako kunabwera adokotala ogonetsa anthu, mayi wamfupi woseka, anandiyasamulitsa n'kuwerenga mano. Akuti kuyambira mawa usiku ndisadye kanthu.

Ndinafunsa adokotala aakulu mosapita m'mbali: "Dzanjali lidzagwiranso mashini?"

Anati, "Kunjenjemera kuyenera kutha. Mphamvu ndi kumva kwa zala, zimenezo tidzaona limodzi. Sindikulonjezani chimene sindinachione."

Ndakonda kuti sananame. Ndikuopa pang'ono, koma chimwemwe chikuposa. Mawa akundimeta.

Lachinayi, 9 Meyi

Koma lero, abale!

Namwino wamkulu anabwera cha m'ma teni ndi sizasi, sopo ndi kalezala kotaya kaja. Ndinakhala pampando ndikuseka, Adalaivala akuimba nyimbo yotsanzikana ndi chisa. Sizasi yake yobuntha, inkachita kutafuna tsitsi. Kalezala nako kankayenda mosemphana ndi kagonedwe ka tsitsi, ine mtima ukuwawa, koma ndinadzigwira, si shopu yanga. Patangopita mphindi khumi ndinamva, "Basi, tamaliza."

Ndinagwira kumanzere: psiti. Ndinagwira kumanja: tchire lonse lilipo.

"Anamwino, mwamaliza chiyani?"

"Adokotala akufuna mbali yokhayi. Kuno si kubabashopu, bambo."

Adalaivala anaseka mpaka anagwira ulusi wawo kuopa kuti ungamasuke. "Munda wolima theka! Waganyu wathawa!" Ngakhale odwala a kumapeto uko, amene sadzuka, anadzutsa mitu.

Ine kutsika nawo ku fiyeta mutu wotere? Wometa wathunthu? Ndikanafera komweko anthu akanadzati chiyani poona nkhope? Ndinaimbira mkazi wanga kuti abweretse mashini akuda aja a m'dirowa, ndi kabotolo ka mafuta ake. Namwino analola, bola tisakhudze mbali imene wameta kale.

Mkazi wanga ndi telala, sanametepo ngakhale mwana. Anandikulunga thaulo. Ndinayamba kulangiza: "Yambirani pankhongo, muzikwera. Musakanikize. Ayi, pendeketsani pang'ono."

Anazimitsa mashini. "Bambo inu, nsalu siilankhula. Khalani phee."

Ndinakhala phee. Tsitsi la zaka makumi awiri ndi ziwiri linagwera pathaulo mitolomitolo, lopepuka ngati si kanthu. Atamaliza anandipatsa kagalasi ka m'chikwama mwake.

Mayo ine, makutu! Ndinali ndi makutu otere nthawi yonseyi? Aimirira okha ngati zogwirira za mphika. Mutu nawo ndi wansonga, ndipo pankhongo akuti pali makwinya atatu. Ine amene ndauza amuna mazanamazana kuti, "Mpala ukukukhalani, bwana," lero ndadziwa kuti theka la iwo ndinkawanamiza.

Mkazi wanga ankaseka misozi ili mbwembwembwe, sindikudziwa ngati inali ya kuseka kokha. Anati, "Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndili pabanja ndi munthu, osadziwa mutu wake." Kenako anausisita ndi chikhato chonse. Iii, kuzizira kwake kokoma! Palibe anandiuzapo kuti mutu umamva mphepo chonchi. Munthu akatsegula chitseko kumapeto kwa wodi, ine ndikudziwira pano.

Aphunzitsi anaonerera zonse osaseka. Kenako anatulutsa chipeso chawo n'kuyamba kupesa pang'onopang'ono.

Lachisanu, 10 Meyi, m'mawa

BP 144/90. Andiveka chimkanjo chotsegula kumbuyo. Adokotala ajambula mtanda pamutu ndi cholembera chabuluu. Njala. Adalaivala akuti ndikawapatsire moni a ku fiyeta. Machira afika. Tiyeni nazo!

Lamulungu, 12 Meyi

Ndikulemba ndine mkazi wawo, iwo akunena. Akuti ndilembe kuti opaleshoni inatenga maola asanu, chotupa chachotsedwa chonse, achitumiza kokayeza. Ali ndi diripi, kapaipi kochotsa magazi m'mutu, ndi bandeji ngati nduwira. Akuti mutu ukuwawa ngati galimoto yawaponda. Akuti ndilembenso kuti dzanja silikunjenjemera.

Izi sananene iwo: atatsitsimuka mawu awo oyamba sanali dzina langa, anafunsa ngati ndinathira mafuta mashini ndisanawasunge.

Lolemba, 13 Meyi

Ndabwerera pa bedi 9. Kapaipi achotsa. Ndamwa tiyi, ndadya nthochi theka.

Dzanja lagona pabulangete, zii, ngati la munthu wina waulemu. Silikunjenjemera! Ndaliyang'ana ola lathunthu. Kutopa.

Lachiwiri, 14 Meyi

Bandeji yaikulu achotsa, ndatsala ndi kapulasitala. Ulusi 24, ndawerengetsa namwino kawiri. Adalaivala ali ndi 31 ndipo akunyada nazo ngati mendulo.

Lero linali tsiku la alendo, aliyense ndi mawu ake. Mlamu wanga, amene akundigwirira shopu, anangoima pakhomo n'kuvula chipewa. "Pepani bwana wapolisi, ndikufuna alamu anga, munthu watsitsi." Akuti makasitomala akufunsa chithunzi, ena sakukhulupirira. Ndamuuza ajambule mbali ya zipi, aone kuti sindinamete mwamasewera.

Amayi anga sanaseke. Anagwira mutu wanga ndi manja awiri, kuutembenuza uku ndi uku ngati akusankha dzungu, mpaka anapeza kachipsera pamwamba pa khutu lamanja. "Apa ndi pamene unagwa patebulo uli ndi zaka ziwiri. Ndinkati kanatha." Atatero anakhala pansi n'kuyamba kulira za tebulo lija, osati za opaleshoni. Amayi ndi amayi basi.

Koma mzime wanga, wa zaka zinayi, ndiye anandilasa mtima. Anabisala kuseri kwa siketi ya amake. Ndinamuitana, iye n'kunena kuti, "Mawuwo ndi a adadi, koma mutuwo ayi." Ndinachita kumuimbira kanyimbo kathu kosambira kuti asendere. Anagwira ndi chala chimodzi, n'kuthawa, n'kubweranso. Pochoka anali akuuwomba mbama ting'onoting'ono ngati ng'oma, amake akumuletsa.

Abweretsa nkhuku yowotcha, malalanje ndi buledi. Tagawana mabedi atatu.

Lachitatu, 15 Meyi

Kwabwera mayi wa mafizo, wophunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito. Wandipatsa kampira kofewa kuti ndizifinya kakhumi pa ola lililonse. Ndinafinya ndi mtima wonse, kampirako sikanadziwe n'komwe kuti kafinyidwa. Kenako anati nditseke maso, n'kumandibaya zala ndi kapini. Chala chachikulu ndi cholozera ndikumva. Zitatu zija, zii.

Akuti ndisathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndamuuza kuti nkhonoyo ilibe ana atatu.

Zina zokoma: kusamba mutu ndi kansalu konyowa, mphindi imodzi basi watha. Kale Loweruka lonse linkathera kuumitsa afulo. Pilo nayenso ndikumumva koyamba, wozizira mbali zonse.

Lachinayi, 16 Meyi

SI KHANSA! Adokotala abwera ndi pepala, anena kawiri chifukwa koyamba sindinakhulupirire. Ndinakuwa mpaka namwino anathamanga kuganiza kuti wina wagwa. Mkazi wanga pafoni anangoti "Ambuye!" kenako ndinamva akuuza makasitomala ake onse, mashini osokera ataima.

Adalaivala akhazikitsa bungwe la ampala. Tilipo asanu mu wodi muno, iwo ndi wapampando, ine mlangizi wa zaluso. Lamulo loyamba: wolowa ndi tsitsi apereke moni kawiri. Lachiwiri: dzuwa la pawindo tizigawana, chifukwa tikakhala pamodzi tikuthobwa anamwino m'maso. Ndawaphunzitsa kudzola mafuta pang'ono kuti khungu lisatuwe, tsopano tonse tikuwala waliwali. Mmodzi wa kumapeto, kalaliki wamanyazi amene amagona ndi chipewa, lero wachivula.

Adalaivala anaitana Aphunzitsi kuti alowe bungwe. Anayankha kuti, "Sindinalembe kalata yofunsira." Opaleshoni yawo aiikanso Lachiwiri likubwerali. Akuti akakananso, malo apatsa wina.

BP 126/80. Mapiritsi ochepetsa kutupa atsitsa, tsopano limodzi.

Lachisanu, 17 Meyi

Ndinapupuluma. Chimwemwe cha dzulo chinandinamiza.

Mashini akadali m'kabati yanga. Adalaivala tsitsi layamba kumera mbali yopanda ulusi, ndiye anati, "A Chisa, tayesani apa, galimoto imadziwika pamsewu." Ndinagwira mashini ndi lamanja, n'kuyatsa. Kulira kwake kokha kunandisangalatsa ngati ndamva mawu a m'bale. Koma atangoyamba kunthunthumira m'dzanja, zala zinamasuka zokha. Sindinamve n'komwe akuchoka. Ndinangomva phwaa pansi.

Sanasweke, dzino limodzi lokha lapindika.

Adokotala akuti mphamvu imatha kubwera pakapita miyezi, ndipo nthawi zina siibwera yonse. Sindinadye. Ndalira, ndisabise, ndinafunda bulangete kumutu ngati mwana.

Loweruka, 18 Meyi

Kampira, kakhumi pa ola. Mkazi wanga wawongola dzino la mashini ndi kapulayala kake. Sindikufuna kuwaona.

Lamulungu, 19 Meyi

Masana, anthu ali kumapemphero kuholo, Aphunzitsi anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi langa. Sanayambe achitapo zimenezi.

Anati, "A Chisa, mukudziwa chimene ndinathawira ulendo wapita uja? Si mpeni wa adokotala. Ndi kalezala kaja. Namwino wina wachitsikana anabwera nako pakhomo la fiyeta, akutafuna chingamu, akucheza ndi mnzake za nsapato. Ndinaona kuti kwa iye ndine mbuzi yoti ayisende. Ndinadzuka n'kubwerera."

Ndinati anamwino ndi otanganidwa, si nkhanza.

"Ndikudziwa. Koma tsitsi ili ndalipesa m'mawa uliwonse zaka makumi anayi ndisanaime pamaso pa ana. Ngati likuchoka, lichotsedwe ndi munthu wodziwa kuti akuchotsa chiyani. Mundimete inu mawa. Lonse."

"Aphunzitsi, simunaone Lachisanu? Ndikuvulazani."

"Ndinaona. Ndinaonanso kuti mumadzaza tsamba lathunthu tsiku lililonse ndi dzanja limene aphunzitsi anu sanaliphunzitse. Zilembo zake n'zonyansa, ndikanakupatsani atatu pa khumi, koma zimawerengeka. Mukakana, nanenso Lachiwiri ndikana."

Nkhalamba yochenjera ngati imeneyi sindinaionepo! Yandipanikiza pakona. Ikakana opaleshoni mlandu ukhala wanga, ndikaitema mutu mlandu ndi wanganso. Namwino wamkulu wavomera, akuti bola iye aime pomwepo ndipo pomaliza apukute yekha ndi mankhwala. Zili ngati ndikukayamba kumene ntchito mawa.

Lolemba, 20 Meyi

Ndilembe zonse mwadongosolo, ngakhale dzanja lamanzere latopa.

Ulusi wanga achotsa m'mawa, onse 24, bala lauma bwino. Akuti Lachitatu ndikutuluka. BP 124/78.

Itakwana 2 koloko tinaika mpando pawindo pamene pali kuwala. Bungwe lonse la ampala linakhala pamabedi ngati kubwalo la mpira. Mkazi wanga anaima kumbuyo kwanga, namwino pambali ndi thonje lake, kuyembekeza magazi. Aphunzitsi anapesa komaliza, mzere uli bwinobwino, n'kundipatsa chipesocho. Ndinawakulunga thaulo, n'kufunsa monga ndimafunsira aliyense: "Timete bwanji lero, bwana?"

"Monga mwa anzangawa," anatero.

Ndinayesa kaye lamanja, mashini osayatsa. Kulemera ngati njerwa. Ndinawasamutsira kumanzere, ndipo lamanjalo ndinangolisanjika pamutu pawo kuti lisangolendewera.

Anthu amaganiza kuti wometa amameta ndi dzanja limodzi. Ayi. Logwira mashini ndi wantchito chabe. Linalo ndiye kapitawo: limatsogola, kukoka khungu, kupinda khutu, kufufuza zipsera ndi tiziphuphu tobisika mashini asanafikepo. Zaka zonsezi kapitawo wanga anali lamanzere. Lero ndinawasinthanitsa ntchito, ndipo onse awiri anali alendo.

Mzere woyamba unakhota ngati njira ya woledzera. Adalaivala anatsegula pakamwa, mkazi wanga anawayang'ana kamodzi, anatseka. Wachiwiri unawongokako. Pofika wachisanu ndinali nditaiwala kuti pali anthu. Imvi zinkagwa pathaulo, thukuta likutsika pampala wanga popanda choligwira, mpaka m'maso. Pang'onopang'ono, kuchedwa katatu kuposa kale, koma mashini ankayenda pamene ndawatuma. Aphunzitsi anatseka maso, mapewa anatsika. Munthu akatero pampando wako ndiye kuti wakukhulupirira.

Ndinamaliza pamwamba ndi pankhongo, n'kufika kuseri kwa khutu lamanja, pamene tsitsi lawo linali lambiri. Lamanja linatsogola lokha monga kapitawo amachitira, zala zikulowa pansi pa imvi. Mashini anali m'mbuyo mwake, atatsala pang'ono kufika.

Ndinazimitsa.

Namwino anasendera ndi thonje. Aphunzitsi anatsegula diso limodzi. "Bwanji, mwatopa?"

"Muli ndi njerewere apa."

"Eya, ndinabadwa nayo, ndinaiwala kukuchenjezani. Ometa ambiri anaidulapo, imatuluka magazi ngati mpopi. Koma maso anu ndi akuthwa, mwaiona bwanji m'tchire lonseli?"

Ndinayang'ana dzanja langa. Pa njerewerepo panali chala chapakati, chimodzi mwa zitatu zija. Ndinachichotsa, n'kuchibwezeranso. Kanthu kakang'ono, kolimba, kofunda, ngati kambewu ka mapira.

"Sindinaione, Aphunzitsi," ndinatero. "Ndaimva."

Mkazi wanga anagwira pakamwa. Namwino anaponya thonje m'mbale n'kuthamangira kukaitana mayi wa mafizo. Adalaivala anayamba kumenya kabati ngati ng'oma, kalaliki wamanyazi uja akuimba mluzu ndi zala. Ine ndinangoima, misozi ndi thukuta zasakanikirana, chala chili pomwepo, kuopa kuti ndikachichotsa sindiimvanso.

Aphunzitsi okha sanagwedezeke. Anadikira phokoso lichepe, n'kunena osatembenuka: "Ndasangalala nanu, bambo. Koma ine mawa ndili ndi opaleshoni, ndipo mutu mwausiya theka."

Ndinapukuta maso ndi mkono, n'kuphimba njerewere ija ndi chala changa, n'kuyatsanso mashini.